Ndinakapemphereretsa Tsitsi la Eni ku Indianapolis

Pali nyumba ina kuno ku South Bend, chakufupi ndi mtsinje, imene mpaka lero ndikamadutsa pagalimoto ndimapeza chifukwa choyang'anira kumbali. Mwini wake anatisiya kale, mzimu wake uuse mumtendere, koma manyazi anga sanaikidwe naye limodzi. Nkhaniyi ndaikhalira zaka zambiri. Oidziwa bwinobwino ndi anthu anayi okha, koma mmodzi mwa anayiwo ndi mnzanga Anachisale, kutanthauza kuti Mmalawi aliyense wa ku Indiana anaimva kale, yothira mchere ndi tsabola. Bola ndiinene ndekha.

Chinali chaka cha 2006. Mwana wanga wamkazi Tiyamike (kusukulu ankangoti Tiya, dzina lonse linkawalemera pakamwa) anali ndi zaka 16, ndipo anali atagwidwa ndi matenda a makatuni a Chijapani. Sindikunena makatuni a tiana ayi. Awa anali a anthu a maso akuluakulu, ovala mikanjo, aliyense lupanga m'chiuno, ndipo akapsa mtima ankadumpha kupitirira denga la nyumba. Anthu akewo akuti asamurai. Tiya ankabwereka ma DVD ku laibulale n'kumaonera m'Chijapani momwemo, mawu a Chingerezi akudutsa m'munsi. Ine nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, masiku ambiri mashifiti awiri, ndiye ndinkafika miyendo itatupa n'kungopeza m'nyumba muli kukuwa ndi kulira kwa zitsulo. Akayamba kundifotokozera kuti uyu ndi ndani ndipo akumenyana chifukwa chiyani, yankho langa linali limodzi: "Undichotsere zidole zakozo. Mbale watsuka?"

Ndivomereretu kuti ine ndinabadwa wokayikira. Munthu akandimwetulira kwambiri ndimayamba kuganiza kuti akufuna chiyani. Komanso muyenera kukumbukira nthawi yake. Zaka zimenezo ukaimba foni kumudzi, usanamve za mvula unkayamba wamva za satanic, kuti mwana wa uje walowa, wa uje anamupatsa mphete kusukulu. Kutchalitchi kwathu nakonso azimayi tinkachenjezana kuti ana athu kuno sawatengera kumanda usiku, amawatengera pa TV masanasana. Choncho khutu langa linali kale chilili.

Zizindikiro zinayamba pang'onopang'ono. Mwana anayamba kuwerama akamathokoza, osati kunyonyomala kwa kwathu kumene ndinamuphunzitsa zaka khumi osagwira, koma kupinda msana manja ali m'mbali. Mpunga anayamba kudya ndi timitengo. M'makope mwake munadzaza zilembo zooneka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Kenako Loweruka lililonse bambo ake ankamutenga pagalimoto, akuti za kusukulu, ndipo akabwerako juzi yake inkanunkha lubani. Ndinainunkhiza kawiri kuti ndisamunamizire, ndipo analidi lubani.

"Bambo a Tiya, kodi mwanayu mumapita naye kuti?"

"Kwa mayi ena achikulire. Akumuthandiza project."

"Mayi ake ati?"

"Mufunseni mwini wake, akufotokozerani bwino," anatero amuna anga osachotsa maso pa nyuzipepala.

Munthu wanzeru akanakafunsadi. Ine ndinangoona kuti okayikitsa tsopano akwana awiri (ndisabise, za "mayi ena" aja ndinaziganiziranso mbali ina, mpaka ndinayang'ana mpando wakutsogolo wa galimoto ngati pali tsitsi lachilendo). Kufunsa Tiya sindinafune, poti ndinkadziwa kuti wolowa zinthu zoterezi savomera.

Lachitatu lina mwezi wa Epulo ndinali pa ofu. Tiya atapita kusukulu ndinalowa m'chipinda mwake kukasesa, ngakhale tsache ndinaliiwala pakhonde. Pansi pa bedi panalibe kanthu. M'madirowa munalibe kanthu. Pashelefu ya pamwamba m'kabati ya zovala, kuseri kwa majuzi, ndinapeza kabokosi ka thabwa loyera, kokulunga m'kansalu kofiirira. Nditatsegula ndinapeza pepala lakalekale lachikasu, lopinda bwino, lolembedwa zilembo zakuda zotsika m'munsi, pakona pali chidindo chofiira ngati magazi ouma. Ndinafunyulula pepalalo ndi nsonga ya chala. M'katimo munali tsitsi la munthu, lowongoka, lotalika ngati chikhatho changa, lolimba ndi mafuta akale, lomangidwa zolimba ndi kachingwe koyera.

Inu amene munakulira kwathu ndiuzeni. Ife tikameta, amayi ankasesa tsitsi lonse mpaka kakang'ono n'kukalitaya m'chimbudzi kuti munthu asalitole. Ndiye lero mupeze tsitsi la munthu wosamudziwa, lomanga ndi chingwe, lokulunga pa pepala losawerengeka, lobisa m'chipinda cha mwana wanu wonunkha lubani. Mungati n'chiyani? Ndinakhala pabedi. Patebulo lake panali kope lotsegula, ndipo patsamba limenelo anali atandandalika zaka zinayi, 1868, 1871, 1876, 1877, m'munsi mwake n'kulemba "Loweruka, Indianapolis" m'Chingerezi, atazunguliza ndi cholembera chofiira. Anali atandiuzadi kuti Loweruka akupita ku Indianapolis ku mpikisano wa sukulu. Apa ndinamvetsa zonse, kapena kuti ndinaganiza choncho: Loweruka ndi tsiku lomupereka mwana wanga. Ndinachita mantha enieni, amene sindinawamvepo chibwerere ku America.

Ndinaimbira Anachisale. Awa ndi mnzanga wa kalekale, tinadziwana ku Zomba tisanakwatiwe, ndipo nthawi imeneyo anali nesi ku Indianapolis, akukhala kudera la Lawrence mumzinda momwemo. Pakati pa Amalawi ankadziwika kuti ali ndi mphatso ya mapemphero. Anandimvetsera osandidula, kenako anapumira m'mwamba.

"Mayi a Tiya, mwachigwira ndi manja?"

"Pepala lokha."

"Kasambeni ndi mchere. Mwanayo musamukonfronte, angakaripote kwa anzakewo. Abambo musawauze, amuna sachedwa kunena kuti tikuovareakta. Mawa m'mawa mungodrayiva mubwere nacho kuno, tidzathane nacho Loweruka lisanafike."

Madzulo amenewo ndinakhala patebulo ndikumuyang'ana Tiya akutola nyemba imodziimodzi ndi timitengo take. Anandifunsa ngati ndili bwino. Tiya Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndiye zonena zake ndizingokumasulirani. Ndinati ndili bwino, mumtima ndikuti waona, akufuna adziwe ngati ndatulukira.

Lachinayi m'mawa ndinaimba kuntchito kuti ndadwala m'mimba. Bambo ndi mwana atatuluka, ndinavala magulovu a kuntchito, ndinaika kabokosi m'jumbo, jumbolo m'jumbo lina, n'kuponya kubuti. Pampando sindikanalola. Ulendo wa ku Indianapolis pa msewu wa 31 ndi wa maola pafupifupi atatu, ndipo masiku amenewo unkadutsa m'kati mwa tauni ya Kokomo, momwe maloboti ake ankachita ngati akupikisana kukuimitsa. Loboti iliyonse yofiira ine maso pagalasi kuyang'ana kubuti. Galimoto yanga inali ndi kaphokoso kena kutayala lakumbuyo kamene tinakhala nako zaka ziwiri, koma tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndi tsitsi lija likukana ulendo. Ndinaimba nyimbo zonse za m'buku la kwathu zimene ndinkazikumbukira, zina kubwereza.

Anachisale ndinawapeza atasala kudya chidzukire, atamanga duku loyera, tebulo la kukhitchini atayalapo nyuzipepala. Anatsegula kabokosi ndi foloko. Pepala lija analitembenuza uku, kulitembenuza uko, kulizondotsa, n'kugwedeza mutu.

"Mwachita bwino kufulumira. Mukuona mizere iyi? Awa ndi mayina a amene anatengedwa kale. Nanga apa popanda kanthu mukuganiza kuti asiyira ndani?"

Ndinayamba kulira. (Anachisale Chijapani sadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma pa nthawiyo sizinandivute.)

Anatenga botolo la mafuta a olivi n'kuthira papepala paja mowolowa manja, mpaka pepala linayamba kuonekera mbali inayo. Kenako analoza kachingwe koyera kaja nati mfundo imeneyo ndi imene yamanga mwana wanga, ndipo woyenera kuimasula ndi mayi wobereka. Anandipatsa sizasi yodulira nkhuku. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinazengereza, koma ayi, ndinadula ndi mtima wonse. Tsitsi linamwazika panyuzipepala, lina n'kuthothoka tizidutswa ngati udzu wouma.

Chotsala chinali kuwotcha. Anachisale anali atakonza kale mbaula yowotchera nyama kuseri kwa nyumba, makala ndi machesi zili poyera. Koma anati moto usanayake tiyambe tagwada. Ine kwa zaka zambiri ndakhala ndikudandaula za kutalika kwa mapemphero a Anachisale. Amayamba ndi kuthokoza chifukwa cha mpweya, kenako atsogoleri a Malawi, atsogoleri a America, odwala a mu wadi mwawo mmodzimmodzi, amasiye, apaulendo. Pa chinkhoswe china chakudya chinazizira anthu ali chitsinzinire. Lero sindidandaulanso, chifukwa akanakhala opemphera mwachidule bwenzi nkhani ino ili ina. Anali atafika pa Amalawi amene mapepala awo sanatuluke pamene foni yanga inalira m'chikwama. Ndinaisiya. Inaliranso. Kachitatu ndinakwawa chogwada mpaka pakhonde. Anali amuna anga.

"Mayi a Tiya, muli kuti?"

"Kuntchito."

"Kuntchito ndaimbako. Akuti mukudwala m'mimba."

Ndisanapeze bodza lina, iwo anapitiriza.

"Mwanayu wandiitanitsa kuno kunyumba, akulira. Bokosi la Mayi Fumiko lasowa. Mwaliona?"

"Mayi Fumiko ndiye ndani?"

"Mayi achikulire aja ndinkakuuzani. Ndi Mjapani, anakwatiwa kuno kalekale. M'bokosimo muli tsitsi la agogo a bambo awo, la zaka zoposa handiredi. Amubwereka Tiya kuti akaonetse ku mpikisano wa histore Loweruka. Ine ndi amene ndinawalonjeza pamaso kuti libwerera momwe lilili." Anadikira pang'ono. "Muli nalo?"

"Ndili nalo."

"Lili bwinobwino?"

Ndinasuzumira kukhitchini. Anachisale anali atati ameni, akunyamula nyuzipepala ija ndi manja awiri kulowera kukhomo lakuseri.

"Lilipo," ndinatero, n'kudula foni.

Kuwalanda sikunali kophweka. Ndinawafotokozera mothamanga, iwo n'kundiyang'ana mwachisoni. "Mayi a Tiya, mdani amadziwa kuyuza amuna athu omwe. Foniyi yalira nthawi imeneyi mwangozi?" Kunena zoona kwa kamphindi ndinaganiza kuti akhoza kukhala akulondola. Koma mawu a amuna anga ndimawadziwa, akazizira chonchija ndiye kuti zinthu zavuta. Ndinatola tsitsi lija ndi manja anga, magulovu nditaiwala, kalikonse kamene ndinakaona, n'kubwezera m'bokosi pamodzi ndi pepala lonona ndi kachingwe kodukako. Anachisale anandiperekeza kugalimoto akunena kuti palibe kanthu, mafutawo agwira kale ntchito.

Pobwerera sindinaimbe nyimbo. Kaphokoso ka kutayala kanalipobe, kali kaphokoso chabe.

Ndinafika dzuwa lisanalowe. Tiya anali patebulo maso ali psuu, bambo ake ataima pawindo. Ndinaika bokosi patsogolo pake. Anatsegula, anayang'ana nthawi yaitali, osagwira kanthu. Ndinkayembekezera kukuwa kwa ana a kuno, kumenyetsa zitseko, kuti nanenso ndipeze pokwiyira. Iye anangokweza maso n'kulankhula m'Chichewa, chopotoka lilime koma chomveka.

"Amayi, mukanangondifunsa."

Zinandibaya, koma pakamwa panga sipagonja msanga. Ndinayamba kuwerengera umboni wanga: lubani, kuwerama, timitengo, kubisa kuseri kwa majuzi, zaka zinayi zija. Za majuzi anayankha kuti Mayi Fumiko anamuuza kuti bokosilo lisaone dzuwa kapena chinyezi. Za zakazo sanayankhe ndi pakamwa. Anapita kugalimoto ya bambo ake n'kubwera ndi chikwangwani chachikulu chopinda patatu, chimene ankachikonzera kusukulu miyezi yonseyi, n'kuchiimika patebulo. Ndinakhala pansi ngati mwana wa sitandade wani, iye n'kumandiphunzitsa zimene ndinakana kumva chaka chathunthu.

Makatuni aja, ngakhale anthu ake amadumpha zosatheka, nthawi imene amanena ndi yeniyeni. Kwa zaka zoposa mazana awiri dziko la Japan linkayendetsedwa ndi asamurai, anthu obadwira mu usilikali monga ena amabadwira ku banja lachifumu. Iwo okha ndi amene ankayenda ndi malupanga awiri m'chiuno. Malipiro awo ankawerengedwa mu mpunga wochokera kwa mabwana awo, ndipo tsitsi ankameta pamwamba pa mutu, lotsalalo n'kulimanga kamtolo kogoneka paliwombo. Mu 1868 boma lawolo linagwa, ulamuliro n'kubwerera m'dzina la mfumu yaikulu ya dzikolo. Mu 1871 boma latsopano linalengeza kuti kamtolo kaja munthu atha kudula, ndipo posakhalitsa wokasunga ankaoneka wotsalira. Mu 1876 anawaletsa kuyenda ndi lupanga, malipiro a chibadwire aja nawonso n'kuthetsedwa. Mu 1877 ena a kum'mwera anaukira boma n'kugonja. Tiya anati makatuni amakonda amene anamenya nkhondo, koma iye funso lake linali la enawo, ochuluka, amene anangodzuka m'mawa n'kupeza kuti chimene anabadwira kulibenso, ana akufuna kudya.

Agogo a bambo a Mayi Fumiko anali mmodzi wa amenewo. Anadula kamtolo kake, anakamanga bwino, n'kulemba papepala dzina lake, tsiku limenelo, ndi mzere umodzi wouza ana ake kuti asunge adziwe chimene iye anali. Chofiira chija chinali chidindo chake, monga siginecha. Moyo wake wotsala anautha akumata mapepala pa maambulera n'kumagulitsa. "Mayina a otengedwa" a Anachisale anali amenewo. Pakati pa chikwangwanicho Tiya anali atakonza kashelefu kokutira ndi pulasitiki yoonekera, poti pakhale bokosilo.

Amuna anga anangoti, "Safunsa anadya phula." Tsiku lina ndikanawayankha.

Lachisanu kunali kukaonana ndi mwini wake. Kwathu mlandu wotere sapepesa chimanjamanja, pamafunika nkhuku. Nkhuku yamoyo ku South Bend tsiku limodzi uipeza kuti? Ndinagula ya m'sitolo, yathunthu, youma gwa ndi ayezi. Tiya ataiona anatseka maso n'kupempha kuti ndiisiye m'galimoto, koma ine ndinati mwambo ndi mwambo. Ndinamanga chitenje changa chabwino, tonse atatu ulendo.

Anatitsegulira mayi wamfupi kwambiri, wa zaka pafupifupi 80, atavala kapu ya mpikisano wa magalimoto. Ndinamva pambuyo pake kuti mwezi wa Meyi uliwonse ankapita ku Speedway, bwalo la mpikisanowo, ndi malemu amuna awo, ndipo ankadziwa oyendetsa onse pamtima. Fungo la lubani linandilandira pakhomo pomwe. Pakona ya pabalaza panali kashelefu, pali chithunzi cha mzungu wovala yunifomu ya usilikali, kutsogolo kwake kamtengo ka lubani kakufuka. Anali amuna awo, ndipo ankawayatsira m'mawa uliwonse.

Sindinadikire kupatsidwa mpando. Ndinagwada pakapeti, nkhuku m'manja, mutu pansi. Zimene sindinkadziwa n'zakuti kwawonso mlendo akagwada mwini nyumba saima. Ndinangomva mawondo akulira, kukweza maso, mayi aja agwada patsogolo panga, manja pansi, akuwerama. Ine wolakwa sindikanalola kuti mutu wanga ukhale pamwamba pa wawo, ndiye ndinatsika. Iwo anatsikanso. Ndinatsika mpaka chipumi chinagunda nkhuku, imene inali itayamba kudontha pakapeti. Tiya ndi bambo ake anangoima ngati mitengo. Pomaliza zinapezeka kuti Mayi Fumiko sangathe kudzuka, ndipo ntchito yanga inandithandiza: ndinawauza agwire khosi langa, ndinawerenga mpaka katatu, n'kuwakhazika pampando.

Kuseka kunathera pomwepo, chifukwa Tiya anawapatsa bokosi. Anatsegula. Anatenga kachingwe kaja, anayang'ana podukapo, anakhudza pepala n'kuyang'ana chala chawo chonona. Atayamba kulankhula, m'Chingerezi chapang'onopang'ono, sankandiyang'ana. Anati pa nthawi ya nkhondo mzinda wawo utapsa, mayi awo anathawa ndi bokosi limeneli m'malaya, miphika n'kuisiya. Anati linawoloka nyanja pa sitima m'sutikesi mwawo. Anati apongozi awo achizungu nawonso ankati ndi zachikunja, zikatayidwe.

"Koma iwo aja ankangonena," anatero. "Inu ndinu woyamba kubwera ndi sizasi. Chifukwa chiyani?"

Ndinawafotokozera za kwathu, za tsitsi ndi zimene anthu oipa amachita nalo, za lubani, za Loweruka lozunguliza ndi chofiira. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kupusa kwake. Iwo sanaseke.

"Ndiye munkaopa kuti mwana wanu afa."

"Eya, mayi."

"Zimenezo ndikuzimva. Koma mukanabwera kudzandiona. Ndimakhala pompano tsiku lonse, ndipo alendo ndilibe."

Anatseka bokosi, anapempha amuna anga kuti aliike pafupi ndi chithunzi chija, nati silidzatulukanso m'nyumbamo. Kenako anatembenukira kwa Tiya n'kumupepesa, iwo kupepesa mwana wanga, kuti mawa apita wopanda chimene anamulonjeza. Apa ndiye ndinalira zenizeni. Nkhuku anailandira mwaulemu, atafunsa kaye Tiya monong'ona ngati pali china chimene ayenera kuchita nayo kupatula kuphika.

Loweruka tinapita tonse ku Indianapolis, msewu womwe uja, maloboti omwe aja, m'galimoto muli zii. Mpikisano unali mu holo yaikulu, ana mazanamazana ndi zikwangwani zawo. Cha Tiya chinali chokongola, sindikunena poti ndi mwana wanga, koma pakati pake panali kashelefu kopanda kanthu, atangotsamiritsapo chithunzi cha bokosilo chimene bambo ake anajambula mwezi wapitawo. Oweruza atatu atafika anawerenga, anafunsa mafunso, Tiya n'kumayankha mosadodoma za mpunga, malupanga ndi maambulera. Kenako mmodzi analoza kashelefu n'kufunsa kuti chinthu chenichenicho chili kuti. Ine ndinali nditaima chapatali pang'ono ndi chitenje changa, ndikudikira kuti chala chindiloze.

"Chinawonongeka chili kunyumba kwathu," anatero Tiya. "Ndinalephera kuchisamala. Mwini wake wachitenga."

Akanandinena bwenzi ndinapepukidwa. Sanapambane. Kaya n'chifukwa cha kashelefu kaja kaya ayi sindikudziwa, ngakhale woweruza mmodzi ndinamukayikira kuti anali ndi mwana wake pampikisanopo. Tili panjira Anachisale anaimba kufunsa ngati mwana wabwerako wamoyo. Nditati eya, anati, "Mwaona?" Mpaka lero amakhulupirira kuti anamupulumutsa, ndipo ndimamva kuti amaperekera umboni.

Tiya anandikhululukira, kapena ndinene kuti tinayambiranso kulankhulana. Loweruka ankapitabe kwa Mayi Fumiko, ndipo kangapo ndinawatumizira mandasi, koma ine mwini sindinapondekonso. Ndinkaganiza kuti nkhani inatha.

Patapita zaka ziwiri anapeza malo ku koleji. Sabata yonyamuka analongedza m'makatoni atatu zinthu zimene sakanapita nazo: makope ake, makalata a anzake, mabuku amene ankalembamo za mumtima. Ine ndinatha tsiku lonse ndikukonza malo kuchipinda chapansi, ndinasesa, ndinayala mapulanga kuti chinyezi chisafike. Nditakwera kudzamuuza kuti malo akonzeka, ndinapeza bambo ake akunyamula katoni yomaliza kupita nayo kugalimoto.

"Akupita nawo kuti?"

"Kwa Mayi Fumiko," anatero Tiya. "Ali ndi malo mu galaja."

Sananene mwamwano, ndipo anandipsompsona patsaya potuluka. Ndinaima pakhomo galimoto ikubwerera m'mbuyo, mtima ukuwawa kuti mwana wobereka ndekha akasungitse zinsinsi zake kwa munthu amene ndinamuwonongera cholowa. Ndinafuna kukwiya, ndinafuna kuimbira wina aliyense kumuuza za ana a ku America osayamika. Koma ndikanauza ndani? Makatoniwo anagona masiku awiri pakhonde asananyamulidwe, ndipo ine ndinali nditaona kale kuti yapakatiyo selotepi yake inali yosavuta kumatula n'kumatanso osaoneka.